Mawu asamuka, koma zithunzi ndi zilembo zatsalira: chochita posamutsa zolemba zanu pa intaneti

Amalume anga a ku Chilenje anandiimbira foni Loweruka lina m'mawa, ine ndikudikira minibasi pa Kulima Tower. Moni sanapereke n'komwe. "Mphwanga, Nc'wala yanga yasanduka chiyani? Tabwera udzaone wekha, zilembo zapenga kuno."

Iwo ndi mphunzitsi wopuma ntchito, kwawo ndi ku Katete, ndipo kwa zaka zambiri akhala akulemba za miyambo ya kum'mawa: Kulamba wa ku Mkaika, Nc'wala ya ku Mtenguleni, mayina a mbewu zakale, miyambi imene ana a mu Lusaka saidziwanso. Zonsezo ankalemba pa Blogger, malo a Google olembapo nkhani pa intaneti. Mnyamata wina wa kutchalitchi kwawo anawauza kuti kumeneko n'kwa makedzana, anthu masiku ano ali pa WordPress, pulogalamu ina yoyendetsera tsamba, ndipo anawasamutsa usiku umodzi wokha. Nditafika ndinapeza mutu wa nkhani yawo yokondedwa ukuti Ncâ€™wala. Malaŵi anali atasanduka MalaÅµi. Zithunzi zina zinali mbuu ngati zojambulidwa mu utsi, ndipo achibale a ku Chipata anali atayamba kale kudandaula pa WhatsApp kuti akadina zimene anatumiziridwa chaka chatha sakufika pa tsamba latsopano.

Si amalume okha. Ndakonzerapo mpingo, kagulu ka amayi osoka ku Kamwala, ndi mnzanga wolemba za mpira, ndipo matenda ake amakhala omwewa. Muzu wake ndi umodzi. Fayilo imene mumatsitsa posamuka anthu amaiyesa kanta yonyamula katundu yense wa m'nyumba, chikhalirecho ndi kope lolembamo katunduyo. Mawu anu alimo ndithu, masiku ndi mitu ilimo, koma za zithunzi imangonena kumene zili, ndipo za njira imene anthu ankadzera pobwera kwanu sinena chilichonse.

Musafafanize malo akale

Ichi ndinene msanga, chifukwa amene wachiphonya zinazi sizimuthandiza kwenikweni. Malo akale asiyeni ali chilili kwa miyezi ingapo mutasamuka. Musafafanize nkhani, musatseke akaunti, musaleke kulipira kampani yosunga tsamba lanu mwezi womwewo. Pafupifupi chilichonse chimene chingasokonekere chimakonzeka ngati kwakale kukadalipo. Ndipo fayilo imene mwatsitsa ikopereni pawiri: ina muziigwiritsa ntchito, inayo muisunge pa fulashi osaitsegula n'komwe. Mwayi wa amalume unali wakuti mnyamata uja anachita ulesi, sanafafanize kanthu.

Zilembo zapenga

Vuto ili limatigwera ife olemba Chichewa kuposa olemba Chingerezi, ndiye ambiri okonza makompyuta m'tauni muno salidziwa bwino. Amangoti ndi vairasi. Si vairasi ayi.

Kompyuta imasunga chilembo chilichonse ngati nambala. Zilembo wamba, a mpaka z, zimatenga malo amodzi chilichonse. Koma mu kalembedwe ka UTF-8, kamene intaneti yonse imagwiritsa ntchito masiku ano, ŵ amatenga malo awiri, ndipo kachizindikiro kopindika ka mu ng’ombe kapena m’mudzi kamatenga malo atatu. Pulogalamu ikatsegula fayiloyo n'kuiwerenga m'kalembedwe kakale ka Windows, imaona malo awiri aja ngati zilembo ziwiri zosiyana. Ndiye ŵ amatuluka Åµ, Ŵ wamkulu amatuluka Å´, ng’ombe imatuluka ngâ€™ombe. Tangoganizani kuchuluka kwa m' ndi n' ndi ng' m'nkhani imodzi ya Chichewa. Wolemba Chingerezi amaona tizinyalala tiwiri titatu pa ndime, ife ndime yonse imaoneka ngati mwadutsa nkhuku.

Kwa amalume chinachitika n'chakuti mnyamata uja, poona kuti fayilo yakula, anaitsegula mu pulogalamu ina yakale yolembera kuti aidule pakati, n'kuisunganso. Pomwepo ndi pamene zinawonongekera. Njira ina imene zimalowera ndi posamutsa database yonse, nkhokwe imene tsamba limasungamo nkhani zake, kuchoka ku kampani ina kupita ku ina, kalembedwe kosankhidwa potsitsa kakasiyana ndi kosankhidwa pokweza.

Yambani mwayang'ana mtundu wa kuwonongekako, chifukwa ilipo iwiri ndipo mankhwala ake ndi osiyana. Mukaona Å ndi â€, mtima ukhale m'malo, palibe chatayika, zilembo zangowerengedwa molakwika. Koma mukaona chizindikiro cha funso pamene panali ŵ, monga Mala?i, kapena w wopanda kachipewa paliponse, ndiye kuti chilembocho chinatayidwa posunga fayilo. Pamenepo musavutike n'kukonza. Bwererani kwakale, tsitsani fayilo yatsopano, yambaninso.

Ngakhale pa mtundu woyambawo, ngati simunalembe zatsopano chisamukireni, kuyambiranso ndi fayilo yosakhudzidwa n'kosavuta kuposa kukonza. Mukafuna kusuzumira mu fayiloyo gwiritsani ntchito Notepad++ kapena Visual Studio Code, ndipo muone m'munsi kudzanja lamanja kuti palembedwa UTF-8. Word musaiyandikize.

Amalume anali atalemba kale nkhani zina zatsopano, ndiye tinakonza pomwepo ndi plugin (kapulogalamu kowonjezera pa WordPress) yotchedwa Better Search Replace, imene imafufuza mawu mu database yonse n'kuwasintha. Musanadine chilichonse sungani kope la database, kenako yesani kaye ndi dry run, imene imangokuuzani malo amene ikanasintha osasintha kanthu. Tinasintha â€™ kukhala ’, kenako â€œ kukhala “, kenako Åµ ndi Å´. Chenjerani ndi kachizindikiro kotsekera mawu a munthu, kaja ka ”. Iko kakawonongeka kamaoneka ngati â€ yekha, chifukwa chidutswa chake chachitatu sichioneka pa sikirini. Mukayamba ndi kusintha â€ mudzadula mitu ya zinzake zonse, ndipo mudzakhala ndi chisokonezo chatsopano chimene palibe angachimasule. Kameneko kasiyeni komaliza. Ine ndimakakonza ndi manja, nkhani ndi nkhani, uku ndikumwa tiyi wa azakhali.

Mukamaliza, tsegulani fayilo ya wp-config.php muone mzere wa DB_CHARSET. Pazikhala utf8mb4 kapena utf8. WordPress inayamba kugwiritsa ntchito utf8mb4 mu 2015, ndiye tsamba loikidwa kumene silikhala ndi vuto pamenepa, koma lakalekale lingakhale nalo.

Palinso kena kamene si kuwonongeka kwenikweni. Nthawi zina ŵ amaoneka bwinobwino koma wosiyana ndi anzake, wonenepa kapena wopendekera, ngati mlendo pa maliro. Apo ndiye kuti font ya maonekedwe atsopanowo ilibe chilembocho ndipo foni yabwereka kwina. Sankhani font yokhala ndi Latin Extended. Amalume, amene amakana zolemba Malawi wopanda kachipewa ngakhale ambiri anakasiya, anakaona kameneka ine ndisanakaone.

Zithunzi zasowa, kapena zili mbuu

Pa kompyuta, dinani chithunzi ndi batani lakumanja la mouse, mutsegule chithunzicho pachokha, muwerenge adiresi yake pamwamba. Ngati muli mawu akuti googleusercontent kapena bp.blogspot, chithunzicho sichinasamuke. Chikuoneka pa tsamba latsopano, inde, koma chikukhalabe kwa Google, pansi pa akaunti imene munachikwezera. Ichi n'chobisika kwambiri chifukwa zonse zimaoneka zili bwino. Ndipo kuyambira mu Disembala 2023, Google ikhoza kufafaniza akaunti imene yakhala zaka ziwiri osagwiritsidwa ntchito. Munthu amasamuka, n'kuiwala Gmail yakale ija, zithunzi n'kudzazimiririka iye atayiwala kuti anasamukapo.

Pali ma plugin amene amayenda m'nkhani zonse, kukoka zithunzi zakunja n'kuziika mu Media Library yanu. Athandiza, koma asanayambe onani kukula kwake. Mu adiresi ya chithunzi cha Blogger mumakhala kachidutswa ngati s320 kapena w400, kosonyeza kuti chimene chili m'nkhanicho ndi chochepetsedwa. Mukakoka chimenecho, maonekedwe atsopano n'kuchitambasula, ndi pamene gule wamkulu amaoneka ngati ali mu nkhungu. Mukasintha s320 kukhala s1600 mumapeza chachikulu. Njira ina yodalirika ndi kutsitsa zonse kudzera pa Google Takeout, malo otsitsira zinthu zanu zimene zili kwa Google, kuti zithunzi zenizenizo mukhale nazo pa fulashi yanu.

Ngati mukuchoka pa WordPress ina kupita pa ina, pokweza fayilo pamabwera kabokosi kakuti Download and import file attachments. Kachongeni. Tsamba latsopano limapita lokha kukatenga zithunzi kwakale, n'chifukwa chake kwakaleko kuyenera kukhala kukadali moyo komanso kosatsekedwa ndi password. Zikakanika, zithunzi zonse zimakhala mu foda ya wp-content/uploads, zosanjidwa m'zaka ndi miyezi. Ikopereni yonse monga ilili. Mukasintha mayina a mafoda nkhani sizidzazipezanso.

Opita ku Ghost, pulogalamu ina yonga WordPress, kapena ochokako adziwe kuti fayilo yake ndi ya JSON ndipo nayonso sinyamula zithunzi. Medium, malo enanso olembapo nkhani, imakupatsani zip ya mafayilo a HTML. Palibe pulogalamu imene imalankhula chinenero cha inzake ndendende, nthawi zonse pamafunika womasulira pakati, ndipo pa womasulirayo ndi pamene zinthu zimagwera.

Anthu akudina n'kupeza 404

Ili ndi limene limapweteka nthawi yaitali, chifukwa mwini tsamba saliona. Iye amalowera pakhomo lakutsogolo, zonse zili bwino. Koma owerenga salowera pakhomo. Amadzera pa link imene inatumizidwa m'gulu la WhatsApp la banja, pa Facebook, kapena pa Google, ndipo zonsezo zikulozabe ku adiresi yakale. Adiresiyo ikasowa amangoona 404, nambala yosonyeza kuti nkhaniyo sinapezeke.

Blogger imapanga adiresi ya nkhani motere: chaka, mwezi, mutu, n'kumaliza ndi .html. WordPress ili ndi kapangidwe kake, koma imalola kusintha. Pitani ku Settings, kenako Permalinks, sankhani Custom Structure, mulembe /%year%/%monthnum%/%postname%.html ndipo musunge. Chitani izi musanauze anthu kuti mwasamuka. Zikatero maadiresi ambiri afanana ndi akale, koma si onse. Blogger imadula mutu wautali mu adiresi, pamene WordPress imaulemba wonse, ndipo mitu ya Chichewa ndi yaitali mwachibadwa. Amalume ali ndi nkhani ya mutu wa mawu khumi ndi awiri. Zoterezi mumakonza potsegula nkhaniyo n'kusintha slug yake, kachidutswa ka adiresi kochokera ku mutu, kuti ifanane ndi yakale chilembo ndi chilembo.

Simungathe kuzipeza zonse mwa kungoganiza. Ikani plugin ya Redirection, imene imalemba adiresi iliyonse imene munthu wafuna n'kuisowa. Pakatha sabata yang'anani mndandandawo, muyambe ndi zimene zafunidwa kwambiri, muziloze kumalo ake atsopano ndi 301. Nambala imeneyi imauza foni ya munthu komanso Google kuti nkhani inasamukiratu, osati yangochokapo pang'ono. M'mndandandamo mudzapezanso maadiresi othera ndi ?m=1. Kameneko Blogger imawonjezera munthu akamawerenga pa foni, ndipo poti kuno pafupifupi aliyense amawerengera pa foni, ma link ambiri amene anayenda pa WhatsApp ali nako. Kwa WordPress chilembo m chimaimira chaka ndi mwezi, ndiye nthawi zina imasokonezeka n'kupereka 404. Lamulo limodzi lochotsa kachidutswako limakonza onse pamodzi.

Koma zonsezi zimagwira ntchito ngati dzina la tsamba lili lomwelo, ndiye kuti munali kale ndi domain yanuyanu, dzina la tsamba limene mumalilipira nokha. Ngati adiresi yanu inkathera ndi blogspot.com, dzinalo si lanu, simungapite nalo, ndipo zolozera za Blogger zimangogwira mkati mwa tsamba lomwelo. Amalume anali m'gulu limeneli. Tinachita za manja: pa nkhani makumi awiri zimene anthu amaziwerenga kwambiri, tinasiya ndime yoyamba yokha kwakale n'kuika link ya kwatsopano. Si zokongola, koma wochokera ku Chipata amafika. WordPress.com ili ndi yake yolipira, yotchedwa Site Redirect, ya amene akuchoka kumeneko.

Fayilo ikukana kukwera, kapena yaima pakati

Tsamba lokwezera fayilo limalemba malire a kukula kwake. PHP, chinenero chimene WordPress imayendera, imabwera ndi malire a 2 MB pa fayilo ndi masekondi 30 pa ntchito imodzi, ngakhale makampani ambiri amakweza. Fayilo yanu ikaposa, pemphani kampani yosunga tsamba ikweze upload_max_filesize ndi max_execution_time, kapena musinthe nokha mu cPanel, poyendetsera akaunti yanu ku kampaniyo, ngati analola. Ngati mukuchoka pa WordPress, musadule fayilo ndi manja. Potsitsa pali posankha miyezi, ndiye tsitsani chaka ndi chaka.

Ikaima pakati, sikirini n'kungoyera, musachite mantha. Kwezaninso fayilo yomweyo. Importer ya WordPress imadumpha nkhani zimene zalowa kale n'kupitiriza ndi zotsala, ndipo nthawi zina pamafunika kubwereza katatu kapena kanayi. Chokhacho, musasinthe mitu kapena masiku a nkhani musanamalize, chifukwa imazizindikira ndi zimenezo, ndipo mukasintha zidzalowa kawiri.

Za malaiti sindikuuzani zachilendo. Amene anali mu Lusaka mu 2024, madzi atachepa ku Kariba, amadziwa kuti ntchito ya maola awiri inkatha masiku atatu. Tchajani laputopu, intaneti ichokere pa foni osati pa rauta ya pakhoma. Bandulo musaidere nkhawa kwambiri: zithunzi zimayenda kuchoka pa seva ina kupita pa inzake, sizidutsa pa foni yanu. Chimene chimadya bandulo ndi kutsitsa kope lanu losunga, ndipo chimenecho n'choyenera kuchilipira.

Tina ting'onoting'ono

Wotchi. WordPress yatsopano imayamba ili pa UTC, pamene ife tili patsogolo ndi maola awiri. Ku Settings, General, sankhani Lusaka musanakweze kanthu. Zimaoneka zopanda pake mpaka nkhani yolembedwa pa 1 Seputembala, 12 koloko ya usiku itangodutsa, itagwera mu Ogasiti, adiresi yake n'kusintha mwezi.

Ku Settings, Reading, kuli kabokosi kopempha Google ndi anzake kuti asalembe tsamba lanu. Okonza amakachonga pamene akumanga, n'kuiwala kukachotsa. Ngati papita milungu ndipo dzina lanu silikutuluka pofufuza, yambirani pamenepo. Kenako lembetsani tsambalo ku Google Search Console n'kupereka wp-sitemap.xml, imene WordPress imapanga yokha kuyambira mu 2020.

Imelo ikasiya kufika tsiku limene mwasamuka, ndiye kuti posintha ma nameserver, amene amalozera dzina la tsamba ku seva yake, munasiya kwakale ma MX record, amene amalozera kopita imelo. Ajambuleni ndi foni musanasinthe chilichonse. Ndipo kwa tsiku limodzi kapena awiri ena aziona tsamba lakale, ena latsopano, malinga ndi netiweki yawo. Kumeneko n'kudikira chabe.

Foni ikamachenjeza kuti tsamba silotetezeka pamene satifiketi ya chitetezo ilipo, muli zithunzi zimene adiresi yake ikuyambabe ndi http wopanda s. Better Search Replace yomwe ija imakonza.

Dzinalo lili m'manja mwa yani?

Titamaliza zonse, dzuwa litapendeka, ndinafunsa amalume kuti domain yatsopanoyo inalembetsedwa m'dzina la yani. Anandiyang'ana. "Si ya ine kodi? Ndinapereka ndalama."

Inali m'dzina la mnyamata uja, pa imelo yake, yolipiridwa ndi khadi lake. Sanachite mwa chinyengo, anangoona kuti n'zachangu. Koma domain imalipiridwa chaka ndi chaka, ndipo chikumbutso chimapita ku imelo ya wolembetsayo. Mnyamata akapeza ntchito ku Solwezi, kapena akasintha nambala, tsiku lina tsamba limangozima, ndipo ma 301 onse amene munavutika nawo amapita nalo limodzi. Ndaonapo mpingo utataya dzina lake motero, n'kukatola nkhani zake imodziimodzi pa Wayback Machine ya Internet Archive, imene imasunga zina koma osati zonse.

Mapulogalamuwa amabwera n'kupita. Blogger inayamba mu 1999, Google n'kuigula mu 2003, chaka chomwe WordPress inabadwa. Posterous, ina yolembapo nkhani, inali yotchuka, Twitter inaigula mu 2012, ndipo pofika kumapeto kwa Epulo 2013 inali itatsekedwa. Amene anali ndi dzina lawolawo anangoliloza kwina, owerenga awo osadziwa n'komwe kuti pachitika kanthu. N'chifukwa chake ine munthu akandifunsa kuti yabwino ndi iti, WordPress kapena Ghost kapena kukhala pomwe ali, ndimayamba ndamufunsa za dzinalo. Kaya ndi .com, imene mtengo wake umatsata dola, kaya ndi .zm imene imayang'aniridwa ndi ZICTA, ikhale pa imelo imene inuyo mumatsegula, ndipo password muidziwe inuyo. Ndipo ngati palibe chimene chikukuvutani pamene mulipo, kusamuka chifukwa choti wina wati n'kwa makedzana si chifukwa chokwanira. Izi amalume sindinawauze, zinali zitachitika kale.

Tinamuimbira mnyamatayo, anabwera Lamlungu titaweruka kutchalitchi, ndipo tinasamutsira domain ku akaunti ya amalume iye ali pomwepo. Amalume anatulutsa kope lawo la chikuto cholimba, lomwe amalembamo za maliro ndi ngongole za anthu, n'kulemba password ndi tsiku lolipira pa tsamba lomaliza. Atatero anatsegula nkhani ya Nc'wala pa foni, n'kuiyandikiza kumaso.

"Apa pali bwino. Koma mphwanga, pa ndime yachitatu apa, Mpezeni mwamulemba ndi z awiri. Ndi makina anu aja kapena ndi ine?"

Tinayang'ana mu fayilo imene inatsitsidwa kwakale. Anali iwo, kuyambira tsiku limene analemba.